Mundidzutse, Amalume

Linali Lachinayi, sabata yachiwiri ya mwezi wa Julaye chaka chatha, nthawi itangopitirira folo koloko m'mawa. Ndinadzuka chifukwa cha kuzizira. Moto umene amuna tinkawotha panja pa siwa unali utatsala makala okhaokha, ndipo anzanga anali atagona mouzungulira, aliyense atadzifunditsa mpaka kumutu. M'nyumba kwaya inali itatopa. Mayi mmodzi yekha ndiye ankakokabe nyimbo chapansipansi, popanda womuvomera.

Amene tinkayembekeza kuika tsiku limenelo anali Ganizani, mwana wa achemwali anga. Anamwalira ku Blantyre kumene ankagwira ntchito. Anadya bwinobwino n'kukagona, m'mawa mkazi wake anamugwedeza koma sanayankhe. Akuchipatala anati kunali kuthamanga kwa magazi. Thupi linafika kumudzi Lachitatu madzulo, ndipo ine monga mwinimbumba ndinayenera kuona kuti zonse ziyende.

Kwathu kuno ku Dambe foni sigwira paliponse. Kuchikamwini kumene ine ndimakhala, pamtunda, imagwira bwino. Koma pamudzi pa achemwali imagwira malo amodzi okha, pa chulu chachikulu chimene chili m'mbali mwa njira ya kumanda. Ndinakwera kumeneko kuti ndiimbire anzake a kuntchito, amene ananena kuti anyamuka usiku, ndimve pamene afika. Nkhungu inali itatseka moti mitengo ya manachesi inkaoneka ngati anthu oimirira. Ndisanadine nambala iliyonse, foni inalira yokha m'manja mwanga. Nambala yake inali yachilendo.

Ndinayankha.

"Amalume, ndine Ganizani. Pepani kukuvutitsani. Akundifuna kuntchito, koma foni yanga sikupezeka. Ngati ndagona, chonde mundidzutse. Mukandidzutsa mudine wani."

Anali mawu ake. Ngakhale kachifuwa kamene ankayamba nako asanalankhule kanalipo. Ndinamuitana dzina, koma anangobwereza mawu omwewo kangapo, kenako foni inaduka. Ndinaima pachulupo, foni ili m'manja. Kumunsi ndinkaona nyali ikuwala pa zenera la chipinda mmene munali bokosi.

Sindine munthu wothamangira zinthu. Sukulu ndinafika nayo Fomu Folo, ndinagwirapo ukalaliki, ndipo ndikudziwa kuti mawu amajambulidwa. Koma zimene munthu amadziwa masana sizimuthandiza kwenikweni akakhala yekha mu nkhungu. Wani ujayo sindinadine. Sindinamudzutse, ndiye ndikanadina bwanji? Ndinaika foni m'thumba n'kutsika, osauza munthu.

Kutayamba kuyera, adzukulu ananyamula makasu ndi piki kupita kumanda. Amayi anasonkha moto kuseri kwa khola, ndipo utsi unkakana kukwera, unkangoyenda pansi limodzi ndi nkhungu. Ena ankasenda mbatatesi, ena ankasankha nyemba pa malichero. Anyamata anakasintha masamba amene tinaika pamsewu, poti a dzulo anali atapondedwa ndi ng'ombe. Anthu anayamba kutsika m'mapiri m'timagulu. Kunabwera aphunzitsi, kunabwera anamwino a kuchipatala chathu atavala majuzi pamwamba pa yunifolomu, kunabwera ena oyenda pansi kuchokera ku Magaleta. Aliyense ankafika pamene ndinakhala, kugwada, kupepesa, ine n'kumayankha monga mwa mwambo. Dzanja langa lamanzere silinachoke pathumba pamene panali foni.

Ambiri mwa anthuwo sankadziwa ntchito imene Ganizani ankagwira. Ena ankati amakonza makompyuta, ena ankati amagulitsa mafoni. Ine ndinkadziwako pang'ono chifukwa ndinamuona akuyamba. Atamaliza sekondale yoyendera, ndinamutumiza kwa mnzanga wina ku Blantyre amene anali ndi kashopu kotayipa makalata. Kumeneko ankasesa ndi kupukuta fumbi pa makina. Kenako anapeza ganyu kwa anthu oyala mawaya a makompyuta m'maofesi. Poti anali wochepa thupi, ndiye amene ankamulowetsa m'siling'i, n'kumatuluka mutu uli mbuu. Madzulo ankapita kukaphunzira. Mayeso ena anawalephera, n'kubwereza, n'kulepheranso, koma sanawasiye mpaka anakhoza. Anakhala zaka zingapo akuyankha mafoni a anthu odandaula, kenako anamupatsa kuyang'anira chipinda chozizira mmene mumakhala makina aakulu osunga zinthu za kampani. Pomaliza anafika pokhala munthu amene amakhala pansi n'kulinganiza makina onsewo: ati akhale kuti, alumikizane bwanji, ndipo ena akathima ntchito ipitirire potani. Anandiuza kuti zili ngati wojambula pulani ya nyumba, kungoti nyumba yake ndi ya mawaya.

Chiphunzitso chake chinali chimodzi, ndipo ankachibwereza mpaka kutitopetsa. "Munda ukakhala kutali, amalume, mumanyamula makasu awiri. Lina likaguluka simubwerera kunyumba." Amayi ake anawagulira nyali ziwiri za dzuwa. Mbewu ya mbatatesi anawauza kuti ina azisunga kwa ine. Tinkamuseka kuti tsiku lina adzakwatiranso wachiwiri, iye n'kumati pamenepo pokha pulani yake siyifikapo.

Dzuwa litakwera kuseri kwa mitambo, a kuntchito aja anali asanafike. Mkulu wa mpingo anandifunsa ngati tiwadikire. Sindikanachitira mwina, ndinakweranso pachulu. Makutu anga samva bwino, choncho foni yanga imakhala yokweza mawu nthawi zonse. Nditangofika pamwamba inalira. Ndinaganiza kuti ndi alendowo, ndinayankha osayang'ana.

M'njiramo munkadutsa amayi ochokera kumjigo. Mmodzi anagwetsa ndowa.

"Mayo ine! Si Gani ameneyo?"

Ndinayesa kuphimba foni ndi dzanja, koma mawu anali atamveka kale. Sipanapite nthawi, kulira kwa m'siwa kunaleka mwadzidzidzi. Pamaliro phokoso silichititsa mantha, chimene chimachititsa mantha ndi anthu ambiri akangoti zii nthawi imodzi. Ndinaona achemwali akutuluka pakhomo. Chifikire thupi anali asanaponde panja. Anakwera njira ija opanda nsapato, anthu akuwatsatira chapatali.

"Achimwene, mukundibisa chiyani?"

"Achemwali, tiyeni tikakambe m'nyumba."

"Ndipatseni foniyo."

Ndinawapatsa. Anaigwira ndi manja awiri n'kuima pamenepo, maso ali pa foni. Tonse tinaima. Italira, anandiyang'ana kuti ndiwadinire, ndipo mawu a mwana wawo anamveka pachulu ponse.

"Gani! Gani, ndine mayi ako! Uli kuti, mwana wanga?"

Iye anangopitiriza: ngati ndagona, chonde mundidzutse.

Foni itaduka, anandibwezera mwaulemu. Anatsika, kulowa m'siwa, kukhala pamphasa atatsamira bokosi. Ananena mawu ochepa, koma anamveka mpaka panja: "Mwana wanga saikidwa lero. Wakufa saimba foni."

Kwathu kuno anthu amakamba kuti munthu akhoza kutengedwa m'matsenga kukagwirira ntchito olemera, abale n'kuika thunthu la nthochi akuyesa ndi iyeyo. M'tchalitchi timakana zimenezi, koma tsiku limenelo ndinaona akuluakulu a mpingo akuyang'ana pansi. Anthu ankanong'onezana m'magulu. Wagona osadwala, ankatero, ndipo mwamva yekha akuti akumufuna kuntchito. Mkulu wa mpingo analowa kukalankhula ndi achemwali, anatuluka akupukusa mutu.

Adzukulu anabwera kudzanena kuti nyumba yatha. Mtsogoleri wawo, bambo wa nthabwala amene amatiseketsa pa maliro alionse, anaima patsogolo panga matope ali mpaka m'mawondo.

"Amalume ake, ife taswa mwala kuyambira mbandakucha. Tamva kuti mwini nyumba wasintha maganizo. Ndiye tipatseni wina, dzenje silibwezedwa. Inuyo msinkhu wake ndi womwewo, tangoyesani."

Palibe anaseka. Iyenso anachita manyazi, anatsitsa mawu. "Koma mukudziwa, manda sagona opanda mwini. Dzuwa likalowa tisanakwirire, ife sitibwereranso kumeneko."

Ndinkadziwa. Ndinayang'ana kumwamba, koma dzuwa silinkaoneka. Kunayamba kamvula kowaza ka chiperoni.

Galimoto ya a kuntchito inafika cha kumasana, yodzaza matope mpaka m'magalasi. Inali itatitimira m'mapiri kuyambira usiku. Anthu sanapite kukawalonjera. Anyamata ena anakaima pafupi ndi galimotoyo, manja ali kumbuyo. Ndinapita mofulumira, ndinagwira chanza aliyense mokweza mawu kuti onse aone, kenako ndinatengera pambali mayi wina wachitsikana wovala magalasi. Ndinkamudziwa, chifukwa Ganizani ndiye anamuphunzitsa ntchito ndipo anabwerapo naye kumudzi.

Ndinamuuza mawu onse monga ndinawamvera. Anagwira pakamwa, n'kukhala pansi pa udzu wonyowa.

"Mayo, bwana Gani. Ndiye kuti yafika kwa inu?"

"Chiyani chafika kwa ine, mayi?"

Anafotokoza pang'onopang'ono. Makina aja akaona vuto, amaimba okha foni kwa munthu woti akonze. Woyamba anali Ganizani. Akapanda kuyankha, amaimbira wachiwiri, kenako wachitatu, mpaka wina avomere podina wani. Zaka zapitazo, poona kuti akabwera kumudzi foni yake sigwira, anawonjezera nambala yanga kumapeto, n'kujambula mawu m'Chichewa kuti ndidzamve. Ndinakumbuka kuti anandiuzapo kuti waika nambala yanga kuntchito. Ine ndinkayesa akunena za wachibale wodziwitsidwa pakagwa zovuta.

"Sinafikepo kwa inu chiyambire, chifukwa bwana Gani sankaphonya foni," anatero mayiyo. "Koma lero yawo ndi yozima, ndipo ife tonse odziwa makinawo tinadzazana m'galimoto imodzi, m'mapiri mopanda netiweki. Akanakhalapo akanatikalipira mpaka mawa. Makasu onse m'thumba limodzi!"

Anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kusanduka kulira. Kenako anaimirira, kutulutsa foni yake.

"Netiweki ili pati? Ndikavomera ine pa yangayi, kwa inu isiya pompano."

Ndinamugwira mkono. "Musazimitse kaye."

"Bwanji, bambo? Anthu akuvutika nayo."

"Mwafika inu, mawu aleka. Anthu awa anena kuti mwamutseka pakamwa. Mwawaona anyamata ali pagalimoto paja?"

Anacheuka, anawaona, anabweza foni m'chikwama. Ndinamufunsa ngati ntchito ingawonongeke tikachedwa. Anati sakuganiza choncho, chifukwa Ganizani anamanga zinthu ziwiriziwiri. Mbali ina ikathima, inzake imanyamula yokha. Makinawo ankangofuna munthu woti anene kuti wamva.

Tinalowa m'siwa. Munali mdima ndi fungo la maluwa onyowa. Mayiyo anagwada patsogolo pa achemwali n'kufotokoza zonse, mwaulemu, osathamanga. Anati zili ngati wailesi, imene imaimba nyimbo za oimba amene anamwalira kale.

"Wailesi sitchula amalume ake a munthu," anatero achemwali. "Sitchula ndi dzina lomwe."

Pamenepo mkazi wa Ganizani, amene chifikire sanalankhule, anadzutsa mutu.

"Amayi, ine ndinalipo tsiku limene ankajambula. Anabwereza kambirimbiri chifukwa mwana ankalira. Mukamvetsera bwino, kumbuyo kwa mawuwo kuli khanda likulira. Khandalo ndi uyu."

Analoza mwana wawo wamkazi, amene tsopano ali pasukulu, atagona pamiyendo pa mayi wina. Achemwali anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Panja kamvula kankagogoda pa malata. Ndinaganiza kuti agonja, koma ananena zina.

"Kaya ndi mawu akale, kaya ndi a lero, mwana wanga wapempha chinthu chimodzi, ndipo palibe wamuchitira. Achimwene, wati mumudzutse. Mukamudzutse pomwe paja akulankhulirapo. Akakana ine ndikuona, mumuike."

Mkulu wa mpingo anandiyang'ana. Zimenezi sizili m'buku la mapemphero, ndipo sizili m'mwambo wa makolo. Ndinavomera.

Mwambo wa pakhomo unachitika mwachidule. Mbiri yake ndinawerenga ine, ndipo sindikumbuka zimene ndinanena. Amuna ananyamula bokosi, kwaya inatsogola, ndipo tinayamba kukwera njira ya kumanda. Anthu anali ochuluka moti akutsogolo ankazimirira mu nkhungu akumbuyo asanachoke pakhomo. Titafika pachulu ndinakweza dzanja. Nyimbo inaleka. Anatsitsa bokosi pa mphasa, mtsogoleri wa adzukulu n'kumasula chivundikiro popanda nthabwala iliyonse.

Anali atagona mu suti yake yakuda, nkhope ili phee, ngati munthu amene wamaliza ntchito yovuta. Achemwali anagwada kumutu. Ine ndinaima kumbali, foni ili m'manja.

Tinadikira. Sindinaonepo anthu ochuluka chotero ali chete chotero. Kunkamveka madontho ogwa m'masamba, ndi mbuzi ina kutali. Ndinayamba kuopa kuti mwina siliranso, ndipo sindinkadziwa kuti ndikatero nditani. Mayi wa magalasi anali atatseka maso, milomo ikuyenda.

Inalira. Anthu ena anabwerera m'mbuyo.

Ndinayankha, n'kuigwira pafupi ndi bokosi. Mawu anatuluka, pakamwa pa mwini wake pali potseka. Tsopano poti tinali titauzidwa, tonse tinalimva khanda lija likulira chapatali kumbuyo kwa mawuwo. Ndinagwada. Ndinaika dzanja paphewa pake, ndipo kuzizira kunadutsa nsalu ya suti n'kundilowa m'zala. Ndinamugwedeza monga ndinkachitira ali mwana, akamachedwa kusukulu.

"Ganizani. Gani. Dzuka, akukufuna kuntchito."

Dontho la mvula linagwera pachikope chake n'kutsetsereka ngati msozi. Mayi wina anakuwa. Ineyo, ndinene zoona, ndinasiya kupuma, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinkaopa kuti atsegula maso kapena ndinkafuna kuti atsegule. Ndinamugwedezanso, mwamphamvu.

"Dzuka, mwana wa achemwali anga."

Sanadzuke. Foni inkabwerezabe: mukandidzutsa mudine wani.

Achemwali anapukuta dontho lija ndi nsonga ya chitenje. Anamugwira tsaya, anamugwira chipumi, anakonza kolala ya malaya ake. Kenako anatambasula dzanja kwa ine.

"Wani wake ndi uti?"

Ndinawalozera.

"Mwamudzutsa, achimwene, ndaona ndekha. Wakana. Watopa mwanayu."

Anadina ndi chala chachikulu. Panakhala kachete pang'ono, kenako mawu aja anabweranso, ofewa, ngati munthu akumwetulira.

"Zikomo kwambiri, amalume."

Foni inaduka. Ndinayang'ana mayi wa magalasi. Anapukusa mutu, misozi ikutsika. Mawu amenewo iyenso anali asanawamvepo, chifukwa panalibe amene anadinapo wani pa nambala imeneyi.

Pamenepo ndi pamene achemwali analira kulira kwenikweni, ndipo amayi onse anawalandira. Anatseka bokosi. Kwaya inayambanso, ndipo tinatsikira kumanda. Tinamuika dzuwa lisanalowe. Dothi linali lonyowa, lolemera, ndipo linkagwa pabokosi ndi mdidi. Anyamata amene anaima pagalimoto paja ndi amene anathandiza adzukulu kukwirira. Mabwana a kuntchito anaika nkhata zawo pamodzi ndi ena onse, ndipo palibe anawayang'ana moipa.

Pobwerera tinapeza mayi wa magalasi atakhala pachulu, laputopu ili pamiyendo, mnzake atamugwirira ambulera. Anati magetsi anathima pa chipinda chimodzi cha makina, koma chinzake chinanyamula ntchito yonse, ndipo palibe chinatayika. Asananyamuke anapita kukatsanzikana ndi achemwali. Anawafunsa ngati achotse mawu aja pa makina, kapena awasiye.

"Chotsani," anatero achemwali. "Munthu asamagwire ntchito ali kumanda."

Madzulo anthu anabalalika msanga chifukwa cha kuzizira. Panatsala ife apabanja. Mphasa zinali zitaunjikidwa pakhonde, mafuwa ali akuda kuseri kwa khola, agalu akununkhiza phulusa. M'chipinda mmene munali bokosi munatsala mabenchi awiri amene linakhalapo, ndipo palibe anafuna kuwachotsa. Achemwali anayatsa nyali imodzi mwa ziwiri zija, inayo anaisiya pazenera. Ndinagona pakhonde, foni ili pansi pa jekete limene ndinatsamira.

M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yomwe ija, popanda wondidzutsa. Ndinayesa kugonanso, zinakanika. Ndinavala nsapato n'kukwera njira ya pachulu, osadziwa bwinobwino chimene ndikukafuna. Nkhungu inali itachepa, ndipo nyenyezi zina zinkaoneka. Nditayandikira ndinaona munthu ataima pamwamba, atadzifunditsa bulangeti. Anali achemwali.

Sanandifunse chimene ndadzera, inenso sindinawafunse. Ndinatulutsa foni n'kuigwira poyera kuti tonse tiione. Tinaima choncho mpaka tambala analira kumunsi, mpaka kum'mawa kunayamba kufiira.

"Yalira?" anafunsa, ngakhale anali pomwepo.

"Ayi."

"Ndiye kuti wagona."

Ndinazimitsa foni n'kuiika m'thumba. Kenako ndinawagwira mkono potsika, chifukwa njira inali yoterera.